Bala la mamba likukulirakulirabe: zimene tinakambirana pa gulu lathu la ku Chigwa cha Shire

Make Tadala · Lachiwiri, 5:48 m'mawa
Mwadzuka bwanji abale anga nonse. Ndimangowerenga pa gulu pano osalembapo, koma lero zandikulira. Ndili m'chipatala ndi mwana wanga wa zaka 9, lero tsiku lachisanu. Analumidwa ndi njoka usiku wa Lachinayi ali m'tulo. Mukudziwa mmene kukutenthera masiku ano, anakana kulowa m'neti, anakayala mkeka wake pafupi ndi chitseko kuti azipitidwa kamphepo. Cha m'ma 1 koloko tinangomva kukuwa. Bambo ake atawalitsa tochi anaiona ili pakona pa matumba a mapira, itadzutsa mutu n'kufutukula khosi, mpaka inawalavulira pa malaya. Anaipha ndi mpini wa khasu. Yofiirira kumsana, pakhosi mizere yakuda.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Pamene inaluma, kuseri kwa dzanja, panali timadontho tiwiri basi ngati wabayidwa ndi minga. Kutacha dzanja linatupa. Tsiku lachitatu pakhungu panada ngati wapsa ndi mphika, matuza n'kutuluka. Dzulo kwaoneka pena pakuda pafupi ndi chigongono, chonsecho pakati pake khungu lili bwinobwino. Adokotala akuti achotsa mnofu wakufawo, kenako adzatenga khungu la pa ntchafu kudzamata. Njoka inafa kalekale, ululu wake unali kadontho chabe. Nanga chikudya mwana wangayu n'chiyani? Apongozi anga akuti dzino linatsalira m'kati.

Msodzi wa ku Chiromo · 5:55 m'mawa
Pepani kwambiri mayi. Ambuye amukhudze mwanayo.

Ticha wa ku Ngabu · 6:03 m'mawa
Pepani Make Tadala. Mmene mwaifotokozeramo imeneyo ndi mamba yolavula ija. Imalowa m'nyumba usiku kutsata makoswe ndi achule, ndipo anthu ambiri imawaluma ali gone.

Gogo wa ku Bangula · 6:10 m'mawa
Pepa mwana wanga. Apongozi ako sakunama, ife tinakula tikudziwa kuti dzino likatsalira bala silipola. Kodi munamanga dzanjalo? Munapita naye kwa odziwa kutema mphini asanafike kuchipatala?

Make Tadala · 6:14 m'mawa
Tinamanga ndi mphira wa njinga agogo, pamwamba pa chigongono. Atafika kuchipatala chaching'ono anesi anamasula, anati tisadzachitenso. Mphini sitinateme.

Namwino · 6:31 m'mawa
Achemwali pepani. Ndangotuluka kumene ku ntchito ya usiku ndiye ndilemba mwachidule. Zimene mukuonazo ndi mmene bala la mamba yolavula limakhalira ndithu, si kuti adokotala alakwitsa kapena pali chimene chatsalira. Kuda kodumphadumphako, apa pakuda, apa pabwino, apo pakuda, ifenso timakuona. Ululu umayenda m'timisempha ta madzi a m'thupi tokhala pansi pa khungu, ndiye umakawononganso kutsogolo. Likanakhala dzino, akanaliona potsuka balalo. Achimwene a ku labu akadzuka akufotokozerani za m'kati mwa ululumo, iwo ndi amene amazitsata bwino.

Wa ku Labu · 7:20 m'mawa
Ndadzuka asisi, ndili pa minibasi yopita ku ntchito kuno ku Blantyre. Make Tadala, pepani. Kwathu ndi kwa Tengani ndipo mlongo wanga ali ndi chipsera cha njoka yomweyi pa phazi, ndiye nkhani yanuyi ndaimva mumtima. Funso lanu ndi lenileni ndipo lili ndi yankho. Ndiloleni ndiyambire patali pang'ono.

Thupi lathu lonse ndi maselo, timatumba ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Selo lililonse lakutidwa ndi kakhungu kake, ndipo kakhunguko n'kamafuta. Si mafuta a m'botolo okazingira usipa ayi, ndi mtundu wina wotchedwa phospholipid. Kuti muwaone m'maganizo, tengani mbululu ya m'thamanda koma ikhale ndi michira iwiri. Mutu wake umakonda madzi, michira imadana nawo. Ndiye mbululu zimenezi zimandanda mizere iwiri, mitu kuloza kunja ndi m'kati mwa selo kumene kuli madzi, michira n'kubisala pakati. Mpanda wa selo ndi umenewo. Ndi wopyapyala kuposa tsitsi lanu ka 10,000, koma ndi umene umasunga zam'kati kuti zisatayike ndi zakunja kuti zisangolowa.

Wa ku Labu · 7:34 m'mawa
Tsono mu ululu wa mamba yolavula muli enzaimu (puloteni yofulumizitsa kudula kapena kusintha zinthu zina) yotchedwa phospholipase A2, pofupikitsa timati PLA2. Pa mapuloteni onse a mu ululuwo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi ndi imeneyi. Ntchito yake ndi imodzi yokha: kudula mchira wachiwiri wa mbululu ija. Nambala 2 ija ikunena zimenezo, kuti imadula pa malo achiwiri. Mbululu ikatsala ndi mchira umodzi siikhalanso bwino pa mzere, imasanduka ngati sopo. Mukudziwa mmene sopo amasungunulira mafuta pa mbale. Mpanda umayamba kuchucha, kashiyamu (mchere wina wa m'thupi) wa kunja amakhamukira m'kati, selo limatupa n'kufa.

Pa funso lanu loti kadontho kangawononge bwanji dzanja lonse: enzaimu siitha ikagwira ntchito. Nkhwangwa ikagwetsa mtengo umodzi simuitaya, imapita pa wina. PLA2 ikatera pa mpanda wa selo imakhazikika ngati chule pa tsamba la nyika, n'kumasuntha pomwepo, kudula uyu, kudula uyu, osachokapo. Ikakumana ndi phospholipid mmodzi woyandama yekha m'madzi imachita ulesi, koma ikapeza ambiri atandanda pa mpanda m'pamene imalusa. Yapangidwira mipanda yeniyeniyo.

Make Tadala · 7:41 m'mawa
Ndiye kuti mpaka pano ikudulabe m'dzanja la mwana wanga?

Wa ku Labu · 7:52 m'mawa
Ayi mayi, mtima ukhale m'malo. Ntchito yaikulu yowononga inachitika m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba lija. Zimene mukuona panopa ndi mnofu umene unafa kale ukuonekera pang'onopang'ono. Zili ngati chimanga cha kudimba chimene madzi osefukira anachimiza: madzi akaphwa chimaoneka chobiriwirabe, chimadzafota patapita masiku. Kuwonjezera apo timisempha ta magazi tapamenepo tinatsekeka, thupi nalo likulimbana ndi zakufazo, ndipo majeremusi amakonda mnofu wotere. N'chifukwa chake adokotala akufuna kuuchotsa. Musawakanize.

Ndisakunamizeninso kuti PLA2 imagwira yokha. Gawo lalikulu la ululu wa njoka imeneyi, pafupifupi magawo awiri mwa atatu, ndi timapuloteni tina totchedwa cytotoxin timene timaboola mpanda wa selo mwachindunji. Ziwirizi zikaphatikizana m'pamene zimaopsa. Mu 2021 akatswiri otsogozedwa ndi a ku Liverpool School of Tropical Medicine anasonyeza kuti njoka zolavula zili ndi PLA2 wochuluka kuposa abale awo osalavula, ndipo ndi amene amakoleza ukali wa ma cytotoxin kuti ululu uziwawa kwambiri ukagwera m'maso mwa mdani.

Msodzi wa ku Chiromo · 8:05 m'mawa
Achimwene mukamati mamba mukunena black mamba ija ya pa TV?

Ticha wa ku Ngabu · 8:12 m'mawa
Ayi, apa m'pamene ana asukulu amasokonezeka chaka ndi chaka. Imene ife timati mamba, yofutukula khosi n'kulavula, m'mabuku ndi Mozambique spitting cobra. Imene Azungu amati black mamba ndi songo. Ndi njoka ziwiri zosiyana.

Wa ku Labu · 8:20 m'mawa
Zoona aphunzitsi, ndipo ululu wake ndi wosiyana kutalitali. Wa songo uli ndi PLA2 wochepetsetsa, umalimbana ndi misempha yotumiza mauthenga: zikope zimagwa, malovu amachucha, munthu amalephera kupuma, bala lake silioneka loopsa n'komwe. Wa mphiri wadzaza ndi maenzaimu ena odula mapuloteni a m'makoma a misempha ya magazi, n'chifukwa chake mwendo umatupa ngati mtondo ndipo magazi amatuluka m'kati. Njoka iliyonse ndi zida zake.

Gogo wa ku Bangula · 9:02 m'mawa
Ana inu mwaphunzira, sindikutsutsa. Koma ine ndinalumidwa ku dimba ndili mnyamata, chidendene ichi. Malume anga ananditema mphini zitatu, anapaka mankhwala akuda, anandimwetsa muzu wowawa. Mawa lake ndinapita kukalima. Si ine ndekha, m'mudzi mwathu ochira chonchi ndi ambiri. Kodi onsewo mukuti ananamizidwa?

Namwino · 9:25 m'mawa
Agogo, palibe akunena kuti simunachire kapena kuti malume anu analibe chikondi. Koma taonani. Njoka zambiri zimene timakumana nazo kumunda zilibe ululu wopha. Ngakhale zaululuzo, nthawi zina zimangoluma osathira kanthu. Bungwe loona zaumoyo la WHO limati pa dziko lonse anthu pafupifupi 5.4 miliyoni amalumidwa chaka chilichonse, koma amene ululu umawalowadi ndi pakati pa 1.8 ndi 2.7 miliyoni. Ndiye kuti theka kapena kuposa akanachira ngakhale osapakidwa kanthu. Amenewo ndi amene amachitira umboni mphini. Amene ululu unawalowa mokwanira, ena mwa iwo sitili nawo kuti atiuze mbali yawo. Omwalira amakhala pakati pa 81,000 ndi 138,000 pa chaka.

Ine chimene chimandipweteka ndi ana obwera patatha masiku anayi, mwendo utatemedwatemedwa, wapakidwa phulusa ndi ndowe, fungo lili guu. Pamenepo timakhala tikulimbana ndi zinthu ziwiri, ululu ndi majeremusi.

Gogo wa ku Bangula · 9:48 m'mawa
Mwana wanga namwino, ndakumva. Tsono nawe undimve. Mdzukulu wa mchemwali wanga analumidwa nthawi ya madzi a Freddy mu Malichi 2023. Misewu itaduka, anamunyamula pa bwato, kenako pa machira, kenako pa njinga yamoto. Anafika kuchipatala dzuwa likulowa. Anawauza kuti mankhwala a njoka palibe, apitirire kwina. Anathera m'njira. Makolo ake sanapite kwa sing'anga, anachita zonse zimene inu mumanena pa wailesi. Ukauza munthu kuti asiye mphini, umupatse china m'manja. Anthu sathamangira kwa sing'anga chifukwa cha umbuli, amathamangirako chifukwa ndi amene ali pafupi ndipo sabweza munthu.

Namwino · 10:01 m'mawa
Pamenepo ndilibe chotsutsa agogo. Ndinaimapo pamaso pa mayi n'kumuuza mawu omwewo akuti palibe, ndipo sindidzaiwala nkhope yake. Pepani chifukwa cha mwanayo.

Ticha wa ku Ngabu · 10:15 m'mawa
Agogo anena mawu olemera. Kusowa kwa mankhwalawa si kwathu kokha kuno. Amapangidwa pobaya mahatchi ululu pang'onopang'ono kenako n'kutenga chitetezo cha m'magazi mwawo, njira imene Albert Calmette anayamba nayo m'zaka za m'ma 1890. Ndi odula, ambiri amafuna furiji, ndipo wodwala mmodzi amatha mabotolo angapo. Kampani ya Sanofi inasiya kupanga Fav-Afrique mu 2014, amene ankathandiza pa njoka zambiri za mu Africa muno, otsala ake anatha mphamvu mu 2016. WHO inaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu 2017, ndipo mu 2019 inalonjeza zochepetsa imfa ndi kulumala ndi theka pofika 2030. Ife a m'chigwa muno tiyenera kumawafunsa aphungu athu za nkhaniyi pa misonkhano, monga timafunsira za mlatho ndi za chimanga.

Wa Fomu 4 · 12:40 masana
Pepani amayi a Tadala. Ankolo a ku labu, ndili ndi funso la kusukulu. Tinaphunzira kuti enzaimu ili ngati loko ndi kiyi, komanso kuti ikatenthedwa imawonongeka. Ndiye munthu atathira madzi otentha pa bala la njoka, PLA2 singafe?

Wa ku Labu · 1:18 masana
Funso labwino mphwanga, ndipo ndayamikira kuti wafunsa usanayese. Yankho ndi ayi, ndipo chifukwa chake chili m'kapangidwe ka enzaimuyi.

PLA2 ya njoka ndi kapuloteni kakang'ono, mkanda wa tizidutswa totchedwa ma amino acid pafupifupi 120 tokha. Koma mkandawo utapindidwa unamangidwa ndi mfundo zisanu ndi ziwiri za sulfure, pamene amino acid wotchedwa cysteine amagwirana ndi mnzake. Ganiza denga limene mmisiri walimanga ndi luzi pa mphambano iliyonse, mphepo ya mkuntho imalipeza lili nji. Mapuloteni ambiri a khungu lako amayamba kupsa kutentha kukangopitirira madigiri 45 kapena 50, pamene PLA2 imapirira kutentha koposa pamenepo. Madzi otentha apsereza mwana, enzaimu n'kutsala yamoyo. Komanso pofika nthawi imene madzi awira, ululu wapita kale pansi pa khungu. Chimodzimodzi amene amawotcha bala ndi chikuni kapena kuthira petulo.

Za loko ndi kiyi n'zoona koma pano pali zokoma kuposa pamenepo. Enzaimuyi ili ndi mbali imodzi yafulati imene imakhalira pa mpanda wa selo. Pakati pa mbaliyo pali kamphako koterera ndi mafuta, kamene kamakoka phospholipid mmodzi kumuzula pa mzere n'kumulowetsa m'kati. Kumapeto kwa kamphakoko kuli antchito atatu. Woyamba ndi kashiyamu, wogwiridwa ndi amino acid wa nambala 49, aspartate. Ntchito yake ndi ya uja amagwira miyendo ya mbuzi pozinga, kuti isaphiriphithe. Wachiwiri ndi histidine wa nambala 48, amene amatenga kadontho kamodzi ka madzi n'kukalanda hayidirojeni kuti kakhale kaukali. Wachitatu ndi aspartate wa nambala 99 amene amachirikiza histidine kumbuyo. Mpeni weniweni ndi madzi aja. Ndi amene amadula mfundo yolumikiza mchira, n'chifukwa chake m'buku lako maenzaimu otere amawaika m'gulu la hydrolase. Ukachotsa kashiyamu m'botolo loyesera, kudula kumaima nthawi yomweyo.

Chinanso chodabwitsa: njoka zina za ku America zili ndi PLA2 imene pa nambala 49 pali lysine m'malo mwa aspartate. Singagwire kashiyamu, ndiye siidula kanthu, komabe imawononga minofu pongokanirira pa mpanda ndi mbali ina ya thupi lake. Kusintha kwa amino acid mmodzi yekha kunasintha njira yonse yogwirira ntchito.

Wa Fomu 4 · 1:30 masana
Zikomo ankolo, ndakopera m'kope. Ndiye A1 iliponso?

Wa ku Labu · 1:44 masana
Ilipo, imadula mchira woyamba. Palinso C imene imadula mutu wonse pamodzi ndi fosifeti wake, ndi D imene imadula nsonga ya mutu n'kusiya fosifeti. Ya C ndimakumana nayo ku ntchito. Pali jeremusi yotchedwa Clostridium perfringens yokhala m'dothi ndi m'ndowe, imene imawoletsa bala mpaka kutulutsa mpweya pansi pa khungu. Chida chake chachikulu ndi phospholipase C. Pofuna kuizindikira timaibzala pa mbale imene tasakanizamo chachikasu cha dzira, poti m'menemo phospholipid ndi wochuluka. Mawa lake ukayang'ana mbaleyo pa kuwala, kuzungulira pamene jeremusi yamera pamakhala bwalo loyera mbuu ngati mwezi wavala chisoti. Mafuta a dzira aja adulidwa. Ndikaona bwalo limenelo ndimadziwa zimene zikuchitika m'mwendo wa munthu amene swabu yachokera. Ndiye anesi akamaletsa ndowe ndi dothi pa bala, chifukwa chake n'chimenechi, kuphatikizapo kafumbata.

Ticha wa ku Ngabu · 2:05 masana
Achimwene, auzeninso anawa kuti enzaimuyi si ya njoka yokha. Ine ndikawauza m'kalasi amaona ngati ndikuwonjezera.

Wa ku Labu · 2:37 masana
Simuwonjezera aphunzitsi. Tonse pagulu pano tili nayo, ndipo amene mwadya nsima ya mazira kapena nyemba zothira nsinjiro masana ano ikugwira ntchito panopa. Kapamba, uja achingerezi amati pancreas, amatulutsa PLA2 kupita m'matumbo kukagaya phospholipid wa m'zakudya ndi wa mu ndulu. Ndipo ya kapamba wathuyi ndi ya banja limodzi ndi ya mamba, mapindidwe ake ndi ofanana kwambiri. Kusiyana kwake n'koti thupi limaitulutsa ili m'chimake. Imakhala ndi kachidutswa ka ma amino acid asanu ndi awiri kutsogolo kwake, ndipo siigwira bwino ntchito mpaka itafika m'matumbo pamene enzaimu ina, trypsin, imadula kachidutswako. Maenzaimu a kapamba akadzuka nthawi isanakwane ali m'kati mwa kapambamo, amayamba kugaya mwini wake. Ndi matenda aja opweteka pa chifuwa cha m'munsi mpaka kumsana, amene kawirikawiri amabwera ndi mowa wambiri kapena timiyala ta mu ndulu. Okonda kachasu amve pamenepa.

Ilinso ina ya m'kati mwa maselo, yaikulupo. Ukavulala, imadula mchira wachiwiri womwewo n'kumasula mafuta otchedwa arachidonic acid. Enzaimu ina imawatenga n'kupanga ma prostaglandin, amene amabweretsa kutupa, kuwawa ndi kutentha thupi. Aspirin amatseka enzaimu yachiwiriyo. Anatulukira zimenezi ndi John Vane mu 1971, ndipo analandira nazo mphoto ya Nobel mu 1982.

Namwino · 3:10 masana
Poti mwatchula aspirin ndigwirepo. Munthu akalumidwa ndi njoka musamupatse aspirin, Brufen kapena Indocid. Amalepheretsa magazi kuundana, ndipo ngati ndi mphiri mwawonjezera moto. Panado yekha basi. Zina ndi izi: mugonekeni, muvuleni mphete, zibangili ndi nsapato kusanatupe, dzanja kapena mwendo muuyezeke ku kathabwa kuti usagwedezeke, munyamuleni asayende yekha. Osamanga ndi mphira. Pa njoka ngati iyi kumanga kumaunjika ululu malo amodzi ndi kumana mnofu magazi. Osayamwa, osatema, mwala wakuda uja sukoka ululu. Musataye nthawi kusaka njoka, ngati yafa kale ijambuleni pa foni.

Ikakulavulirani m'maso, ndipo imafikitsa mamita awiri kapena kuposa, tsukani ndi madzi ambiri osalekeza kwa mphindi 15 kapena 20, mukutsegula zikope ndi zala. Osatikita. Kenako kuchipatala kuti akaone ngati diso lakalika.

Make Tadala · 3:26 masana
Mayo ine, ndiye mphira uja tinamupweteka nawo tokha?

Namwino · 3:31 masana
Achemwali musadziweruze. Munachita zimene aliyense wa ife anaphunzitsidwa kuyambira ali mwana, ndipo munathamanga naye usiku womwewo. Bala la njoka imeneyi limawola ngakhale kwa amene sanamange. Chimene chapulumutsa Tadala ndi changu chanucho.

Bambo a Ming'oma · 4:50 madzulo
Ine ndimaweta njuchi kufupi ndi Mwabvi. Zimandiluma sabata ndi sabata, ndimangotupa pang'ono. Koma mlamu wanga inamuluma imodzi yokha pa khutu, anayamba kubanika, milomo kutupa, tinachita kuthamangira naye. Kodi n'zogwirizana ndi zimene mukukambazi?

Wa ku Labu · 5:22 madzulo
Zikugwirizana bambo. Mu ululu wa njuchi pafupifupi theka ndi melittin, amene amaboola mpanda wa selo, ndipo gawo limodzi mwa magawo khumi ndi PLA2 ya mtundu wa njuchi. Zimathandizana ngati mmene zilili kwa mamba. Koma chimene chinagwetsa alamu anu si kuchuluka kwa ululu. Chitetezo cha thupi lawo chinaipidwa nawo mopitirira muyezo, ndipo mwa zonse za mu ululu wa njuchi PLA2 ndi imene imaputa zimenezi kwambiri. Asayandikirenso ming'oma. Zikadzachitikanso, chowapulumutsa ndi jakisoni wa adrenaline mwachangu.

Gogo wa ku Bangula · 6:40 madzulo
Ndawerenga zonse, mdzukulu wanga amandikulitsira zilembo. Funso langa ndi limodzi mwana wa kwa Tengani. Ngati mukuidziwa nkhwangwayo mpaka mfundo zake zonse, bwanji simupanga choitsekera choti munthu n'kukhala nacho m'nyumba, ngati mmene timasungira Panado? Kuti wa ku Makhanga madzi akadzaza asamadikire bwato.

Wa ku Labu · 7:35 madzulo
Agogo, mwafunsa funso lomwelo limene akatswiri akulimbana nalo panopa.

Vuto la mankhwala a mahatchi aja ndi kukula. Chitetezo chimene chili m'menemo ndi cholemera kuposa PLA2 kasanu ndi kawiri kapena kakhumi. Chimayenda bwino m'magazi, n'chifukwa chake chimapulumutsa moyo, koma chimachedwa kulowa mu mnofu wotupa pamene pali bala. Pofika icho, kaululu kakang'ono kaja kadutsa kale. N'chifukwa chake munthu amatha kulandira mankhwalawo n'kuchira, koma khungu n'kuwolabe.

Pali mankhwala ena otchedwa varespladib. Poyamba sanapangidwire njoka. Ankafuna kutsekera PLA2 ya m'thupi mwathu pa matenda a mtima, koma kafukufuku wake anaimitsidwa mu 2012 chifukwa sanathandize. Mu 2016 dokotala wina wa ku California, Matthew Lewin, ndi anzake anasonyeza kuti amatseka PLA2 ya njoka za mitundu yambiri. Ndi kanthu kakang'ono kwambiri, kamakalowa m'kamphako kaja n'kukhala pamene phospholipid amayenera kukhala, pafupi ndi kashiyamu. Enzaimu imatsala kukamwa kuli kodzaza. Alipo a mapiritsi ndipo safuna furiji. Mu 2024 a ku Liverpool aja anayesa pa mbewa za mu labu ndi ululu wa njoka zolavula za mu Africa, ndipo kuwola kwa khungu kunachepa kwambiri, ngakhale kuti mankhwalawo sakhudza ma cytotoxin. Kungochotsa mnzake wokolezayo kunakwanira.

Koma ndinene mosabisa. Atayesa pa anthu ku India ndi ku United States, zotsatira zonse pamodzi sizinafike pamene ankayembekezera, kungoti amene anayamba kumwa m'maola asanu oyambirira anaoneka kuti athandizidwako. Sanavomerezedwe, sali m'sitolo kapena m'chipatala chilichonse. Wina akadzabwera pa msika wa Nchalo kapena Bangula ndi botolo n'kumati ndi amenewa, ndi wakuba. Komanso pa songo sangathandize kwenikweni, poti ululu wake sudalira PLA2.

Gogo wa ku Bangula · 7:58 madzulo
Chabwino. Akadzafika mudzatiuze ife oyamba, chifukwa njokazo zili kuno, sizili ku Blantyre. Pakadali pano ndauza anyamata a pakhomo pano kuti mphira asamangenso. Za mphini tidzakambirana ndi akuluakulu anzanga, sindilonjeza lero.

Msodzi wa ku Chiromo · 8:10 madzulo
Ife ku dambo timagona m'misasa miyezi itatu. Kuyambira lero neti ndiziipinda pansi pa mphasa mbali zonse.

Make Tadala · Lachinayi, 2:15 masana
Abale anga, Tadala watuluka ku fiyeta cha m'ma 11. Achotsa malo onse awiri akuda aja. Adokotala andionetsa, akuti misempha yoyendetsa zala sinakhudzidwe, ndipo atamuuza kuti agwedeze, zala zonse zisanu zagwedezeka. Za khungu la pa ntchafu akuti tidikire bala liyere kaye, mwina sabata ziwiri. Atatsitsimuka wapempha thobwa. Bambo ake asamutsa matumba a mapira kupita nawo ku nkhokwe ndipo akutseka mpata wa pansi pa chitseko. Anesi, dzanjali ndi lamanja, lolembera. Adzagwiranso pensulo?

Namwino · 2:40 masana
Ambuye alemekezeke achemwali. Ngati zala zikugwedezeka, chiyembekezo chilipo chachikulu. Chofunika n'choti zisaume. Funsani adokotala akuuzeni tsiku loyambira, ndipo akakulolani muzimupindisa ndi kumuwongola chala chimodzichimodzi kangapo pa tsiku, ngakhale azilira. Dzanja lizikhala pamwamba pa pilo, lisalendewere. Muwafunsenso ngati a fizo, othandiza kuwongola ziwalo aja, amabwera mu wodi yanuyo. Mumudyetse mazira, nsomba ndi nyemba, khungu latsopano limafuna zimenezo.

Bambo a Ming'oma · 2:52 masana
Make Tadala, Loweruka ndikubwera ku boma kudzagulitsa uchi. Ndilembereni kumbali wodi imene muli, ndimutengera botolo limodzi la m'phala lake.